Mfundo ya Bana Mwango, Mano a Bana Fabian

Ku Matero ena anatchuka ndi mpira, ena ndi mowa, ena chifukwa akazi awo anawathamangitsa ndi mthiko msika wonse ukuonerera. Ba Rosemary Chisala, omwe aliyense amawatcha Bana Fabian, kutanthauza amake Fabian, anatchuka ndi mano.

Ntchito yawo ndi ya pa chilanga mulilo, mwambo uja woti mtsikana akatsala pang'ono kukwatiwa, abale ake amaphika zakudya zonse za kwawo n'kuzisenza pamutu, ng'oma ikulira, kukaonetsa mkamwini kuti kwathu timadya izi, usadzati sitinakuuze. Poto wamkulu amafika atakulungidwa m'chitenge, pamwamba pali mfundo, ndipo mfundo imeneyo saimasula ndi manja. Mlangizi wa kuchimuna amagwada, manja kumbuyo ngati wakuba amene wagwidwa pamsika wa Soweto, n'kuimasula ndi mano. Akachedwa, akuchikazi amamuimba nyimbo zoti m'busa atazimva sangagone. Bana Fabian sankachedwa. Ng'oma isanatenthe n'komwe, iwo amakhala atamasula, atapukuta pakamwa, akufunsa kuti chikanda chili m'beseni liti.

Manowo anachita kubadwa nawo. Mzamba amene anawalandira m'kanyumba ka kanselo analumbira mpaka tsiku la imfa yake kuti khandalo linamuluma chala lisanalire. Bambo awo, munthu wa ku Kasama amene ankasenza matumba ku Heavy Industrial, sanagulepo chotsegulira mabotolo. Alendo akabwera ankangokuwa kuti, "Rozi, bwelesa kamwa kuno!" Rozi nzimbe ankaisenda ngati nthochi. Chimanga chokazinga chimene chinkathyola mano a asilikali iye ankachipera ngati chigayo. Agalu a mumzere wawo akaona kuti Rozi wakhala pa mbale ya nyama ankangonyamuka kupita kwa aneba, podziwa kuti fupa lero kulibe. Mswachi m'nyumbamo unalimo umodzi, ndipo ntchito yake inali kupolisha nsapato za bambo. Anthu ankatsuka m'kamwa ndi khala ndi mchere, pachala, akakumbukira.

Atakula analowa ntchito pa fakitale ina ya maswiti, yokulunga maswitiwo m'timapepala. Lamulo linali lakuti switi isatuluke pageti. Rozi anali mwana womvera malamulo, choncho zonse zimene ankafuna kuba ankazidyera mkati momwemo. Kuyambira m'mawa mpaka poweruka tsaya limodzi linkakhala lotupa, moti kapitawo wina anagwira naye ntchito zaka zambiri akuganiza kuti ndi mmene nkhope yake inabadwira. Kenaka kunabwera ukwati ndi Ba Fackson, makaniko, kunabweranso ana, woyamba Fabian, ndipo mano akumbuyo anayamba kubooka limodzilimodzi. Akuluakulu anati n'zachidziwikire, mwana aliyense amatenga dzino la amake. Za maswiti palibe anafunsa.

Dzino likawawa, mankhwala analipo, ndipo anali ambiri kuposa mano. Choyamba asipulini woswa n'kukanikizira m'bowo. Akakana, thonje loviika m'mafuta a mabuleki ochokera m'bokosi la Ba Fackson. Akakana amenewo, kadontho ka madzi a batire, kamene kankachititsa munthu kuona makolo ake onse ataima pamzere. Kunalinso bambo wina pamsika amene ankafukiza utsi m'kamwa mwa anthu n'kutulutsa tinyongolotsi, ati ndito timadya mano. M'kamwa mwa Bana Fabian anatulutsamo tambiri toti munthu akanapita nato kukawedza ku mtsinje wa Kafue n'kubwerako ndi dengu la nsomba, koma dzino linapitiriza kuwawa ngati silinamve kuti adani ake achoka.

Masiku amenewo ku chipatala cha mano sikunkapita munthu amene dzino lake likadali ndi moyo. Unkapitako monga umapitira kumanda, kukaperekeza. Pamzere aliyense anali atamanga nsagwada ndi duku, tsaya ngati wabisamo chitsononkho cha chimanga, ndipo dokotala anali ndi funso limodzi lokha: "Liti?" Ukaloza, nkhani yatha. Bana Fabian anapitako kamodzi, nthawi ija ya mizere ya ufa. Dzino linakana kutuluka. Dokotala anaponda pampando, namwino anagwira dokotala m'chiuno, mlonda wa pageti anagwira namwino, ndipo akuti wodwala wina amene anangobwera kudzafunsa njira ya ku chimbudzi anamupempha kuti agwireko mlonda. Pomaliza linatuluka, mizu yake ngati chinangwa cha zaka zitatu. Bana Fabian anatuluka akulavula thonje n'kulumbira pamaso pa mzere wonse kuti, "Uku ni kwa chizule. Olo nife, sinibwelelako."

Lumbirolo analisunga bwino kuposa mmene anthu amasungira la ukwati. Fakitale inatsekedwa, Ba Fackson anatsogola, ana anabalalika, mano akumbuyo ena anagwa okha ena anatsala zitsa, koma akutsogolo anaima nji ngati apolisi a pa pelete. Ndi amenewo anawadyetsa. Amayi a kutchalitchi atawaona tsiku lina akumasula ndi mano chingwe cha thumba la makala chimene mpeni unachilephera, anawatenga kukawaphunzitsa ulangizi, ndipo posakhalitsa banja lililonse la mnyamata, kuyambira ku Matero mpaka ku Chawama, linkafuna Bana Fabian.

Koma womasula aliyense ali ndi womanga wake. Wawo anali Bana Mwango a ku komboni ya George, mlangizi amene nthawi zonse ankaimira kuchikazi. Mayi ameneyu chitenge ankayamba wachinyowetsa, n'kupondera nsonga imodzi ndi phazi, inayo n'kukoka ndi thupi lonse. Minibasi ina itafera pa msewu wa Lumumba anaikoka mpaka ku galaja ndi chitenge chomangidwa ndi iwo, ndipo makaniko analephera kuchimasula, anachita kudula bampala. Mano awo anali oyera ngati mbale za kuhotela, ofanana ngati mapasa. Ukawafunsa chinsinsi ankati ndi muzu wina wa ku Mporokoso umene amatafuna m'mawa, koma dzina la muzuwo sankauza munthu. Akazi awiriwa anakumana pa mapoto osawerengeka, wina kumanga wina kumasula, ndipo moni wawo unali wakuti, "Mukali moyo?"

Chakudza sichiimba ng'oma. Zinayamba ndi gwafa: Bana Fabian akaluma ankasiyapo chidindo chofiira. Kenaka mano akutsogolo anayamba kuoneka aatali. Iwo ankanyadira kuti akukulabe, pomwe zinali nkhama zikuthawa. Kenaka anayamba kugwedera. Poyetsemula ankatseka pakamwa ndi manja onse awiri, anthu n'kumati mayiyu ulemu, osadziwa kuti akutchinga katundu angagwe.

Zinaululika pa mwambo wina ku Chawama. Mfundo inali ya Bana Mwango. Bana Fabian anailuma, nakoka, dzino limodzi n'kupendekeka ngati mtengo wa magetsi ku Kanyama nyengo ya mvula. Anamasula ndithu, koma nkhuku itazizira, oimba ng'oma atasinthana kawiri, mkamwini atayamba kusinza. Pa chitenge choyeracho panatsala kadontho kofiira. Akuchikazi anapeka nyimbo pomwepo, ndipo nyimboyo inafika ku Matero iwo eni asanatsike minibasi.

Pasanapite nthawi kunabwera mlamu wawo, Bamake Bornwell, mkazi wa mchimwene wawo. Mwana wa mlamuyo, Bornwell, dalaivala wa minibasi, anali atapeza mtsikana dzina lake Luyando, chilanga mulilo chinali mu Ogasiti, ndipo akuchikazi anali atatenga kale Bana Mwango. Mlamuyo anakhala pamphepete pa mpando ngati munthu wofuna kuthawa.

"Mulamu, musakalipe," anatero. "Nkhani ya ku Chawama yafika na ku kwaya. Kuli kamayi kena ku Lilanda, kali na meno yonse, kabwela na gulu yake ya ng'oma na munthu wojambula. Imwe munkhale chabe pa mupando, muzilangiza."

"Pa mupando? Ine? Pa chilanga mulilo ya Bornwell, wamene nenze kumusintha matewela na manja aya?"

"Manja sitinakambepo, mulamu. Tikamba meno."

Bana Fabian anafuna kukukuta mano kuti mlamu aone ukali wawo, koma anakumbukira kuti sangayerekeze. Anangoti, "Ija mfundo ni yanga. Kamayi kanu ka ku Lilanda kauzeni kayembekeze nikafe."

"Nizabwela kuona futi mwezi ukasila," anatero mlamu ali pakhomo. "Ngati yakali kuvina, musanizonde."

Choyamba anapita kwa mneneri wina wa m'tenti pafupi ndi njanji. Anawapaka mafuta m'nkhama, nagwira chibwano, nalamula manowo kuti aime m'dzina la Ambuye. Anaima ndithu, mpaka pa geti.

Ndiye tsiku lina m'minibasi anamva mtsikana akuuza mnzake pafoni kuti akupita kukatsukitsa mano. Kutsukitsa, ngati galimoto! Ndiponso sanali kumva kuwawa kulikonse, anali kudya tchipisi. Bana Fabian anatchera khutu mpaka anamva kumene kunali kiliniki yake: kutali, mbali ya ku Chainda, kumene munthu wa ku Matero safikako pokhapokha atasochera. Analimbana ndi lumbiro lawo kwa kanthawi, kenaka anaona kuti analumbirira chipatala chija osati ichi. M'mawa wina anamanga duku mpaka m'nsidze, navala magalasi akuda a malemu Ba Fackson aja ankawotcherera nawo zitsulo, nakwera ya m'tauni, nakweranso ina.

Ankayembekezera mzere wa maliro uja. Anapeza anthu akusewera ndi mafoni. Panali bambo wa tayi amene anangobwera kudzaonetsa, mtsikana wa mawaya m'kamwa ngati mpanda wa nkhuku, mayi woyembekezera amene anamutumiza kuchokera ku sikelo. A matsaya otupa analipo ndithu, sangathe m'dziko muno, koma anakhala kumapeto kwa benchi mwamanyazi ngati alendo osaitanidwa. Pakona panali mayi wina wachikulire ataphimba pakamwa ndi kampango. Pamene anakachotsa kuti akhosomole, milomo yake inali italowa mkati ngati kachikwama kopanda kanthu. Bana Fabian anamumvera chisoni. Kenaka namwino anatuluka atanyamula kakapu, nati mokweza, "Bana Mwango, meno yanu aya, tayakonza!"

Mayi wa pakona uja anavuula manowo m'kapu, nawaponya m'kamwa, kwa! Nkhope ya ku George inabwerera yonse ndi matama ake omwe.

Bana Fabian anavula magalasi pang'onopang'ono kuti aone bwino chimene Mulungu wawakonzera. "Ndiye muzu wa ku Mporokoso uyu?"

"Nkhalani pansi, imwe," anatero Bana Mwango osadzidzimuka n'komwe. "Nakuzibani mukali pa geti. Magalasi ya Ba Fackson yabisa menso, siyabisa matako."

"Zaka zonse izi mumanga chabe, simumasula. Ine nenze kuganiza ati ni matama."

"Ni nzelu. Yapamwamba yanayenda kudala. Yapansi ni yanga yonse, chifukwa nimabwela kuno yakalibe kubaba. Imwe mwabwela kuitana womanga pamene nyumba yagwa kale."

"Mukakamba ku Matero, nizakamba ku George."

"Ninshi tamvelana."

Anakhala benchi imodzi, aliyense atayang'ana kwake. Kenaka Bana Mwango anatsitsa mawu. "Ya Bornwell ija nizamanga yofewa. Kulibe azaziba."

Mawu amenewo anawawa kuposa madzi a batire. "Mfundo ya chifundo mukamangile ambuye banu. Ine mumange monga masiku yonse."

"Muzalila."

"Nalilapo pa vinthu vikulu kuchila imwe."

Dokotala wa mano anali Ba Inonge, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo wotsiriza. Mpando utayamba kugona wokha, Bana Fabian anayamba kulapa machimo, kuyambira ndi maswiti. Anatseka maso, chala chili chire kuti aloze akamva funso lija. Funsolo silinabwere. Ba Inonge anangolowetsa kagalasi, nagogoda apa, nagwedeza apo, najambula chithunzi cha nsagwada, kenaka anaima pa chitsa china chakuda.

"Mami, munaikamo chani umu?"

"Asipulini chabe."

"Na chani?"

"Na tumafuta twa mabuleki."

"Na chani futi?"

"Imwe ndimwe ba dokota olo ba polisi?"

Chigamulo chinali chotere. Akutsogolo anayi apamwamba aja, odyetsa banja, anali atatha: matenda a nkhama anali atadya fupa limene limawagwira, ndipo panalibe mafuta a mneneri kapena a mabuleki amene akanalibweza. Koma kumanzere, dzino losongoka lija ndi anzake a kumbuyo kwake, pamwamba ndi pansi, anali akadali ndi mizu yolimba. Amenewo akanatha kuwapala n'kumata mabowo ake.

"Kumata? Monga tayala?"

"Monga tayala, mami. Kusogolo tizakupangilani yoikilila. Koma mumvele bwino: ni yosekela, yokambila, na yodyela vofewa. Osakokela nayo vinthu."

"Manje meno yosekela chabe ni yanchito bwanji? Nili wa pa tivi ine?"

Anapitako maulendo angapo, nthawi zonse atavala magalasi aja. Tsiku lopala, Ba Inonge anachotsa m'manomo miyala yokwanira kukwirira dzenje la pamsewu wa ku Zingalume. Tsiku lozula, Bana Fabian anagwira mpando mwamphamvu kudikira mlonda wa pageti, koma manowo anatuluka mwakachetechete ngati anthu a lendi amene analongedza kalekale. Zinawakwiyitsa pang'ono. Masabata odikira kuti nkhama zipole anawathera m'nyumba, atalengeza kuti ali pa kusala kudya ndiponso salankhula ndi munthu, zimene aneba anazilandira ngati mphatso.

Atatuluka, anatuluka akumwetulira. Matero yense anaima. Mano oyera, owongoka, osagwedera! Bamake Bornwell anabwera monga analonjezera, nayang'ana, nagwada pansi kutamanda Mulungu, ndipo tsiku lomwelo anatumiza uthenga ku Lilanda kuti kamayi kaja kasavutike. Mneneri wa m'tenti uja atamva, analengeza pa chimkuzamawu kuti mwa mayi wina wa zaka zambiri mwamera mano atsopano, ndipo Lamlungu lotsatira tenti inadzaza ndi nkhalamba zoyasamula. Bana Fabian sanavomere, sanakanenso. Ankangomwetulira, poti ndiyo ntchito imene manowo anapangidwira.

Koma mawu a Ba Inonge sanawakhulupirire mpaka atayesa okha. Anatseka chitseko, namanga chitenge pa poto, nagwada, naluma, nakoka. Mutu unabwerera m'mbuyo mopepuka. Atayang'ana, manowo anali atatsala pa mfundo, akuwaseka.

Apa ndiye panali nkhani. Mlamu anali atabweza mlangizi wina chifukwa cha mano oti sangamasule ngakhale chingwe cha nsapato. Bana Fabian anawatola, nawatsuka, nawaika m'kapu, n'kukhala pansi kuganiza, lilime likuyendayenda m'kamwa ngati mwininyumba woyendera zipinda. Linafika kumanzere, kwa omatidwa aja. Anagwadanso, napendeketsa mutu, tsaya n'kugunda chivundikiro cha poto, naluma ndi a m'mbali. Kuyambira tsiku limenelo masana aliwonse m'nyumbamo munkamveka kubangula ndi kugubuduka kwa poto, moti aneba anauza ana awo kuti asamadutse pakhomopo, Bana Fabian agula galu wa apolisi.

Loweruka la mwambo, pabwalo la makolo a Bornwell panalibe poponda. Ng'oma zinamveka zikadali kumsika. Mzere wa amayi ovala chitenge chofanana unalowa pageti ukuvina, mabeseni pamutu: ifisashi, chikanda, vinkubala, nsomba zouma, chinangwa ndi mtedza wokazinga. Bornwell anakhala pampando atavala malaya atsopano, thukuta lili kamukamu ngati waimitsidwa ndi apolisi a pamsewu. Patsogolo pa onse panali Bana Mwango, mano ali mbee, atasenza poto wa nkhuku. Anamutula pakati pa mphasa. Mfundo yake inali yonyowa, yakuda, yaikulu ngati chibakera cha womenya nkhonya. Mayiyu anali atasunga pangano, ndipo anawonjezapo kena pamwamba.

Bana Fabian anagwada. Mafoni anakwera m'mwamba ngati manja a anthu olapa. Anaika manja kumbuyo, nayang'ana mfundo, mfundo n'kuwayang'ananso. Akanaluma ndi akutsogolo, manowo akanauluka pamaso pa mafoni onsewo, mwina n'kukatera mu ifisashi. Akanaluma ndi a m'mbali oikirirawo ali m'kamwa, akanasweka kapena kumezedwa, ndipo mkamwini akanayamba banja ndi maliro a azakhali ake. Anabweza manja kutsogolo.

"Mulamu," anaitana, "bwelani. Tambasulani kwanja."

Bamake Bornwell anabwera akuvina, poganiza kuti ndi mbali ina ya mwambo imene anaiiwala. Anatambasula dzanja. Bana Fabian analowetsa zala m'kamwa, kwa! natulutsa mano oikirira aja, chozizwitsa cha mneneri, nawaika pachikhatho cha mlamu akadali ofunda.

"Nisungileni. Aya ni ya pa vithunzi."

Ng'oma inafa pakati pa nyimbo. Mlamu anakuwa, koma kutaya sakanataya, poti ndi mano a mlongo wa amuna awo, ndipo kufumbata sakanafumbata, poopa kuti angamulume. Anangoima dzanja lili patali ngati wanyamula khala la moto. Kenaka kuchikazi wina anaphulika ndi phwete, enanso, ndipo nyimbo ya ku Chawama ija inadzuka ndi ndime yatsopano yonena za agogo amene abwera kudzayamwa mfundo.

Bana Fabian anabweza manja kumbuyo. Anapendeketsa mutu, tsaya pa chivundikiro, diso limodzi kumwamba lina m'chitenge, naluma ndi akumanzere.

Ya Bana Mwango si ya poto wa kunyumba. Inakana. Anakoka, poto n'kuwatsatira. Anamupanikiza ndi bondo, nakokanso, mitsempha ya m'khosi itaima ngati mawaya a magetsi oba. Bana Mwango anagwada moyang'anana nawo, monga mwambo umalolera, akuomba m'manja ndi kumwetulira kwa anthu, koma pansipansi akunong'ona.

"Lekani, muzasiyapo na yakumbuyo. Ba Inonge bazanikalipila ine."

Bana Fabian anayankha ndi kubangula kuja, ndipo ana a aneba amene anali pa mpanda anazindikira galu wa apolisi. Anasiya nsonga imene anagwira, nafufuza ndi lilime pansi pa mfundo pomwe nsalu inapindikira, nakolapo dzino losongoka lija ngati mbedza, napotoza khosi. Chinachake chinalira. Bwalo lonse linagwira mpweya kudikira kuona ngati ndi dzino kapena nsalu. Inali nsalu. Mfundo inafutukuka, chitenge chinagwa mbali zonse, ndipo Bana Fabian anadzutsa mutu nsonga ikadali m'kamwa, naigwedeza ngati mphaka wagwira khoswe, kenaka n'kuilavulira pamiyendo pa Bana Mwango. Pansaluyo panalibe kadontho kofiira ngakhale kamodzi. Nkhuku inali ikadatentha.

Nthungululu zake zinaimitsa mpira ku sitediyamu. Oimba ng'oma anatembenuza nyimbo ija osasintha kamvekedwe, agogo oyamwa mfundo n'kusanduka ngwena ya ku Matero yoluma cham'mbali. Bornwell anaiwala kuti mkamwini saseka pamaso pa apongozi. Bana Fabian anavina mozungulira poto, pakamwa pali pululu, osabisa, mpaka anafika pamene panaima mlamu wawo, dzanja likadali m'malere.

"Bwelesani, mulamu. Yafika nthawi ya vithunzi."

Za kamayi ka ku Lilanda sizinamvekenso m'banjamo. Kanemayo anazungulira m'mafoni mpaka ku Kitwe, ndipo tsopano mabanja amachita kupempha kuti Bana Fabian akabwera ayambe avula mano, n'kupatsa apongozi aakazi kuti asunge. Ena ayamba kunena kuti mwambowo unali wotero kuyambira kale. Mneneri anasamutsira tenti yake ku Chawama. Amayi a kukwaya, omwe kale ankabwera kwa Bana Fabian kudzabwereka mafuta a mabuleki, amabwerabe mmodzimmodzi, koma kudzafunsa monong'ona kuti amakwerera pati minibasi ya kwa Ba Inonge, nanga n'zoona kuti munthu angapiteko dzino lisanawawe osathamangitsidwa.

Nthawi yokaonetsa mano ikakwana, amayi awiri achikulire aja amakumana m'tauni n'kukwera minibasi imodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo, n'kumatukwanizana pamwamba pa mitu ya anthu mpaka kukatsika. Ku George anthu akadakhulupirirabe za muzu uja. Tsiku lina mayi wina wa kumeneko, amene anatopa kupempha dzina lake, anapatula Bana Fabian pa mwambo n'kuwafunsa ngati muzu wa Bana Mwango ulikodi kapena ndi bodza.

Bana Fabian anakankha mano awo ndi lilime kuti akhale bwino. "Uliko, mwana wanga. Nauona na menso yanga. Koma ku Mporokoso musavutike kuyendako. Umamela ku Chainda."